Misomali m'kamwa mwa ba Jameson

Mukatsika minibasi pamsika wa Mtendere n'kumafuna wokonza nsapato, musavutike n'kufunsa. Ingoimani mutchere khutu. Kupyola phokoso la chigayo, la anyamata oitanira anthu mabasi a kutauni ndi la nyimbo za m'matavani, mumva mawu ena okhuthala, onga a lole ya mchenga ikamakwera chitunda. Amenewo ndi ba Jameson Zimba, ndipo akuimba nyimbo ya Mulungu. Mawuwo akaduka mwadzidzidzi musaganize kuti nyimbo yatha. Ndiye kuti aluma timisomali pamilomo kuti akhome chidendene cha nsapato, monga amachitira onse a ntchito imeneyi, ndipo munthu saimba ali ndi misomali m'kamwa. Anayesapo kamodzi atangoyamba kumene ntchitoyi, ndipo nkhani ya mmene msomaliwo unatulukira amaifotokozera amuna okhaokha.

Za mawu awo safuna kuchita kuuzidwa. Amazinena okha, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni yothimbirira ndi polishi.

"Mulungu ananipasa mutima wa nyimbo," amatero kwa kasitomala amene wakhala pabenchi, phazi limodzi ataliika pa katoni. "Koma siku yamene benze kugaba mau, ine nenze ku toileti. Pobwela napeza kwasala chabe aya. Ati tenga, kulibe yenangu."

Anabadwira ku Katete, ndipo anafika mu Lusaka ali mnyamata, ndi kachikwama ka pulasitiki ndi mutu wodzaza nyimbo. Poyamba ankakhala m'komboni ya Ng'ombe kwa amalume awo, n'kumayenda wapansi kukasamalira maluwa panyumba ina ya kumayadi. Mayi wa panyumbapo anapirira kwa kanthawi, mpaka tsiku lina anaitanitsa munthu kuti adzaone pampu ya madzi, poti inkalira modabwitsa m'mawa uliwonse. Pampuyo inapezeka ilibe vuto: phokoso lija linali kuimba kwa wosamalira maluwa. Atachoka kumeneko analowa ulonda, koma nakonso sikunayende: akuba ankangomvetsera kuti mlonda akuimbira mbali iti ya mpanda, iwo n'kulowera mbali inayo. Kukonza nsapato ndiyo ntchito yokhayo imene inawasunga, ndipo eniake amati chifukwa chake n'chakuti nsapato ilibe makutu.

Akazi awo, ba Christine, amagulitsa tomato ndi kapenta pamsika womwewo. Ndi mayi wamfupi, wosachedwa kuyankha, amene amatsogoleranso gulu la amayi kutchalitchi. Anzawo akawafunsa kuti anaona chiyani mwa bambo ameneyu, amati mwamuna wotere sangakubisalire: ukafuna kudziwa kumene ali, umangotsegula windo. Awiriwa amaitanana ndi dzina la mwana wawo, wina amake Moven, wina atate ake Moven.

Nkhondo yeniyeni inali kutchalitchi. Ba Jameson analowa kwaya ya akuluakulu atangosamukira ku Mtendere. Anawaika ku besi, a besi anadandaula. Anawasamutsira ku tena, a tena anayamba kudwala masiku a pulakatisi. Anawapatsa ng'oma, poganiza kuti manja akatanganidwa pakamwa papuma, koma munthuyo ankatha zonse ziwiri nthawi imodzi. Pomaliza Abusa Katongo, munthu wofatsa amene sakonda kukhumudwitsa nkhosa zake, anapeza nzeru. Anati ana a Sande sukulu alibe wowaphunzitsa kuimba, ndipo woyendetsa kwaya amafulatira mpingo, ntchito yake n'kugwedeza manja basi. Akulu a mpingo anavomera msangamsanga mopitirira muyeso. Ba Jameson anabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba, ndipo panapita zaka asanazindikire kuti kuja kunali kuwachotsa mwaulemu.

Nzeru ya abusa inagwira theka lokha. Mpingo anaufulatiradi, ndipo manja ankagwedezadi, ngati munthu woimitsa minibasi imene yamupitirira. Koma kuimba sanaleke. Chimene palibe anayembekezera n'chakuti ana anawakonda. Loweruka lililonse masana tchalitchi cha mabuloko chija chinkadzaza ana, ena atabereka ang'ono awo kumsana, ena atasiya beseni la zitumbuwa pakhomo. Mwana akaleka kubwera, ba Jameson ankamulondola kwawo, ndipo nthawi zambiri ankapeza kuti vuto ndi nsapato yong'ambika imene mwanayo akuchita nayo manyazi kuima patsogolo. Ankaitenga, n'kuibweza mawa lake itasokedwa. Nyimbo ankapeka okha pamsika, hamala ikuwagundira kayendedwe kake, ndipo chodabwitsa n'chakuti nyimbozo zinali zokoma zikatuluka pakamwa pa munthu wina. Anawo amawatcha ba Masita.

Pa nyimbo zawo zonse pali imodzi imene anthu ambiri a ku Mtendere amaidziwa, chifukwa imaimbidwa pa lole popita kumanda. Ana amaitana kuti: Tafika pakhomo, kunja kwazizira, ndani atitsegulire? Kenaka pamakhala kampata, ndipo mawu aakulu amayankha kuti: Ndilipo, mwanawe, ndilipo, lowa. M'kwaya ya ana, woyankhayo nthawi zonse anali ba Jameson. Anaipeka chaka chimene Moven anamwalira. Anali mwana wawo mmodzi yekhayo, wa ku pulayimale, woima mzere wakutsogolo m'kwaya yomweyo, ndipo malungo anamutenga mwachangu. Pa nkhani iyi yokha ba Jameson saseka. Ba Christine anali asanaiimbepo nyimboyo. Ikayamba m'tchalitchi ankapeza chochita: kukonza nsalu ya patebulo, kutulutsa mwana wa mnzawo amene akulira, kapena kungofufuza m'chikwama chinthu chimene mulibe.

Ndiye kunamveka mbiri ya mpikisano waukulu wa makwaya a ana ndi achinyamata, wa maiko ambiri, umene chaka chimenecho unkachitikira mu Lusaka. Okonza mpikisanowo anafuna kuti pakhalenso makwaya a m'makomboni ngati Mtendere, ndipo anatuma anthu kukamvetsera m'matchalitchi ndi m'masukulu. Loweruka limene anafika ku Mtendere, ba Jameson anali ndi chimfine choopsa. Mawu anali atatsekeratu, makutu nawo atagontha. Anaima patsogolo n'kumagwedeza manja osamva kanthu, ana n'kuimba nyimbo zachisangalalo zosafuna woyankha. Kwayayo inasankhidwa. Ba Jameson anauza msika wonse kuti alendo aja achita chidwi ndi kayendetsedwe ka manja awo. Ba Christine anangoti chimfine chimenecho chinachokera kumwamba.

Oyendetsa makwaya anaitanidwa kutauni kukamva malamulo. Wowafotokozera anali mayi wina wamtali wa magalasi, dzina lake Nchimunya. Zambiri zinali zosavuta: msinkhu wa ana, kutalika kwa nyimbo, kavalidwe. Koma lamulo lina analibwereza. Mpikisano ndi wa ana. Oweruza akamva mawu a munthu wamkulu akuthandiza kwaya, kaya ndi woyendetsa, kaya ndi operekeza, kwayayo ichotsedwa pampikisano. Ba Jameson anaseka pamodzi ndi anzawo. Koma ankaona ngati mayiyo akuyang'ana iwo okha.

Nkhani ya lamuloli inawatsogolera kufika ku Mtendere. Mawa lake Abusa Katongo anabwera pamsika atanyamula nsapato imene inalibe vuto lililonse, nakhala pabenchi n'kumaitembenuzatembenuza.

"Ba Zimba, muziba kuti mpingo umakukondani," anatero. "Koma aba bana bavutika maningi kuti bafike apa. Mukaimba pa siteji paja, makolo sibazanimvela futi. Bazakamba ati kwaya tipase wina. Nizakangiwa kukuimilani."

"Ine kuimba, ba Abusa? Nizankala zii monga iyi nsapato."

Abusa anathokoza n'kunyamuka. Asanafike n'komwe pamsewu wa tala anamva lole ya mchenga ija ikuyambanso kukwera chitunda kumbuyo kwawo.

Gawo lina la mpikisano linali la nyimbo ya kwanu, ndipo ana onse anati aimbe ya pakhomo ija. Munthu wanzeru akanakana n'kusankha ina yosavuta. Ba Jameson sanakane, chifukwa mumtima ankafuna kuti anthu a maiko akutali aimve. Mawu oyankha anawapereka kwa Victor ndi Rodgers, anyamata aakulu m'kwayamo amene mawu awo anali atayamba kukhuthala, ndipo anawaphunzitsa bwinobwino. Koma pa pulakatisi iliyonse, Mwaiwathu, mtsikana wotsogolera nyimbo, akangofika pa ndani atitsegulire, ba Masita ankakhala atayankha kale anyamatawo asanakoke n'komwe mpweya. Ankadzimenya pakamwa, ana n'kufa ndi phwete. Anayesa kusunga madzi m'kamwa, anawameza n'kuyankha. Anayesa kumata pulasitala, thukuta linaimatula. Anayesa kuima panja n'kumayendetsa kwaya kudzera pawindo, ndipo anayankha ali panja pomwepo mpaka nkhuku za pafupi zinabalalika. Victor ndi Rodgers anangozolowera kutsegula pakamwa pambuyo pawo, monga amachitira anthu a kumbuyo m'tchalitchi pa nyimbo imene sakuidziwa bwino.

Tsiku lina pulakatisi itatha Mwaiwathu anatsalira, nagwada pang'ono monga mwana woleredwa bwino.

"Ba Masita," anatero, "chimfine chija sichingabwele futi?"

Ba Jameson anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo madzulo ake anakhaladi panja opanda juzi kwa kanthawi. Chimfine sichinabwere.

Kuseka ankaseka nawo, koma mantha anali nawo enieni. Kupatula kukonza nsapato, kwaya imeneyo inali chinthu chokhacho pamoyo wawo chimene anali asanachotsedwepo, ndipo sankadziwa kuti Loweruka angamalithere bwanji popanda ana aja. Komanso pansi pa mtima ankakhulupirira chinthu chimene sankauza munthu: kuti ngakhale mawu awo ndi oipa, ndiwo mzati wa kwayayo, ndipo atawachotsa ana angagwe. Choncho ankaopa kuimba, n'kumaopanso kukhala chete.

Sabata ya mpikisano komboni inatekeseka. Atsikana analukidwa tsitsi, malaya anachapidwa n'kusitidwa, ndipo nsapato za kwaya yonse zinadzaunjikidwa pabenchi la ba Jameson mpaka makasitomala ankasowa pokhala. Amayi a kutchalitchi anakonza zoperekeza ana, onse mu zitenje zofanana. M'mawa wa tsikulo ba Christine anawasonkhanitsa panja pa tchalitchi, pafupi ndi maminibasi amene anabwera kudzawatenga, nawalankhula ngati wapolisi.

"Mvelani, bazimai. Kuja si ku kichini pate ya mwana wokwatiwa. Kulibe ntungululu pakati pa nyimbo. Kulibe kuyenda ku siteji kukapukuta bana thukuta na chitenge. Kulibe kuvina mu kanjila. Elo kulibe kulandila nyimbo. Wamene azasegula kamwa azabwela na mendo kuchoka ku tauni."

Lamulo lomalizali linali lolemera, chifukwa kuno nyimbo sitiionerera. Wina akaiyamba, kaya ndi m'tchalitchi, pamaliro kapena pampopi, iwe umailandira, ndipo kusiya woimba akuitana yekha n'chimodzimodzi kusayankha moni. Amayiwo anang'ung'udza, koma analonjeza.

Atathana ndi amayi, ba Christine anatembenukira kwa amuna awo, amene anali mu suti ya salaula, yogula pamulu wa zovala zakale, yowakulira m'mapewa. Anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa timisomali tingapo ta m'chitini cha kumsika.

"Batate ba Moven, zaka zonse izi makutu yanga yamapumula chabe ngati muli na ivi mukamwa. Tengani. Mukakwela pa siteji, lumani."

"Manje nikameza?"

"Mukameza tizakupelekani ku chipatala. Koma bana bazankala baimba."

Ba Jameson anaiyang'ana misomaliyo, nazizwa kuti nzeru imeneyi inakhala nawo pabenchi zaka zonsezi iwo osaiona. Anaiika m'thumba la jekete.

Holo ya mpikisano inali yozizira, ya mipando yofewa, ndipo anthu ankalankhula monong'ona ngati muli wodwala. Munali ana a ku Kenya, a ku South Africa, a ku Botswana, ndi ena ochokera ku Ulaya amene ankaimba motsitsa kwambiri moti amayi a ku Mtendere anafunsana ngati anawo adya. Oyendetsa makwaya awo ankangogwedeza nsonga za zala, ana n'kumamva. Ba Jameson anayang'ana manja awoawo, akuda ndi polishi m'zikhadabo, nalonjeza mumtima kuti lero achepetsako kukupiza. Kenaka, mwa chizolowezi, anayang'ana kumapazi. Nsapato za alendo zinali zatsopano, za mtundu umodzi. Za ana awo zinali za mitundumitundu, zina za akulu awo, koma panalibe imene sinadutse m'manja mwawo sabata imeneyo, ndipo zonse zinkawala. Zimenezo zinawalimbitsa mtima pang'ono.

Kwaya ya ku Mtendere itaitanidwa, ana anakwera pasiteji n'kuima m'mizere yawo. Ba Jameson anawerama kwa oweruza, nafulatira holo, n'kuika timisomali tija pakati pa milomo. Ana a kutsogolo ataona anayamba kugwedezeka mapewa, ndipo kusekako kunawachotsa mantha.

Nyimbo yoyamba inali yachisangalalo. Anakweza manja, ana anayamba, ndipo ba Jameson anadzidzimuka moti anatsala pang'ono kucheuka kuti aone amene akuimba. Anali asanawamvepo ana amenewa. Zaka zonsezi ankamva mawu awoawo akugunda m'mutu, ana akumveka chapatali ngati wailesi ya nyumba yoyandikana. Tsopano anamva mawu a Mwaiwathu akukwera osagwedezeka, a alito akuyenda pansi pake, ndi tiana ta kutsogolo tikulowa pa nthawi yake popanda wotikankha. Palibe amene anagwa. Mzati uja sunasowe kwa aliyense. Zinawapweteka ndipo zinawakondweretsa, zonse pamodzi. Anaganiza kuti: kani zaka zonsezi ndakhalira chinthu chokoma chonchi, ngati munthu wokhalira chipewa cha mlendo n'kumamuthandiza kuchifuna. Akanaseka, koma misomali sinalole.

Kenaka inafika ya pakhomo ija. Mwaiwathu anaiyamba motsitsa, anzake namutsatira. Tafika pakhomo, kunja kwazizira, ndani atitsegulire? Ba Jameson analuma misomali, naloza Victor ndi Rodgers ndi manja onse awiri. Koma anyamatawo sankayang'ana manja. Ankayang'ana pakamwa pa ba Masita, pamene ankatengera chizindikiro masiku onse, ndipo pakamwapo panali potseka. Kampata kaja kanadutsa kopanda kanthu, holo yonse ili zii. Pambuyo pake zinamveka kuti alendo ena ankaganiza kuti nyimboyo inapekedwa choncho, ndipo anaitama. A ku Mtendere ankadziwa kuti pasowa chinthu.

Ana anapitiriza, chifukwa panalibe chochitira mwina. Atafikanso pa funso lija, ba Jameson anakupiza manja mpaka jekete linatsala pang'ono kuvuka, lonjezo lochepetsa lija ataliiwala. Rodgers anatsegula pakamwa, naona kuti Victor sanatsegule, n'kutsekanso. Yankho linakwera kuchokera m'mimba mwa ba Jameson n'kudzaima pakhosi. Ankamva dzimbiri la misomali palilime. Kulavula kunali kosavuta, ndipo nyimbo ikanakhala yathunthu. Koma anakumbukira abusa ndi nsapato yawo yopanda vuto, ndi mabeseni a zitumbuwa amene ankasiyidwa pakhomo la tchalitchi Loweruka lililonse. Analuma mpaka mlomo unatuluka magazi. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo, kukhala chete kumeneku ndiko kunali kolemera.

Mwaiwathu anaitana kachitatu, ndipo nthawi imeneyi mawu ake ananjenjemera. Sankamvekanso ngati mwana wa pampikisano. Ankamveka ngati mwana amene waimadi panja, akufunsa. Ba Jameson anatseka maso.

Yankho linachokera kumbuyo kwawo, m'mipando ya anthu. Anali mawu a mayi, otsika, osasa pang'ono, osazolowera kuimba okha. Ndilipo, mwanawe, ndilipo, lowa. Mawu amenewo ba Jameson ankawadziwa akukangana ndi ogula tomato, akuwaitana kudzadya, akuwauza kuti atseke pakamwa anthu agone. Anali asanawamvepo akuimba nyimbo imeneyi. Ndipo ba Christine sanaphonye paliponse, mpaka kutsetsereka kumene amuna awo amachita pa mawu omaliza.

Amayi ena aja, ataona kuti wapolisi wawo ndiye wathyola lamulo, sanadikire kuuzidwa. Anailandira onse pamodzi, monga amachitira pa lole. Victor ndi Rodgers atapeza potsamira analowa ndi mawu amphamvu amene palibe ankadziwa kuti ali nawo. Nthungululu inalira, ndipo mayi wina wachikulire anafika mpaka pamasitepe a siteji, chitenje chili m'manja, asanamubweze. Ba Jameson sanacheuke. Anaiyendetsa nyimboyo mpaka kumapeto, misozi ikutsikira m'kolala, pakamwa pali potseka. Holo inaomba m'manja nthawi yaitali, ena ataimirira.

Mayi Nchimunya anawapeza panja pa holo, ana atawazungulira, Abusa Katongo ali pambali. Anavula magalasi n'kuwapukuta asanalankhule.

"Ba Zimba, nyimbo yanu yanigwila mutima," anatero. "Koma lamulo munaimvela. Majaji bamvela mau ya bakulu. Kwaya yanu sizankala pa manamba."

Apa m'pamene ba Jameson anakumbukira kuti misomali ikadali m'kamwa. Anailavulira m'dzanja, natambasula dzanjalo kuti onse aone.

"Ba madamu, ba Abusa, mboni zanga izi. Ine sininaimbe."

Abusa anayang'ana misomaliyo. Kenaka anayang'ana gulu la amayi limene linaima pakona mitu ili pansi, ndipo pakati pawo panalinso akazi a abusawo, amene nthungululu yawo amaidziwa bwino. Anatsokomola, nati za kwaya adzakambirana tsiku lina. Tsikulo silinafikebe. Chikho chinakwera ndege ndi ana a kwina, ndipo kwaya ya ku Mtendere ikadali m'manja mwa ba Jameson, amene masiku ano amapita ku pulakatisi ndi timisomali m'thumba, n'kumatiluma okha pa nyimbo zina kuti amve ana awo.

Pamsika nkhaniyi inalowa m'gulu la ya pampu ndi ya akuba. Ba Jameson amauza aliyense wokhala pabenchi kuti pa akuluakulu onse a ku Mtendere amene anapita kuholo ija, amene sanaimbe anali iwo okha. Makasitomala atsopano amagwedeza mutu mwaulemu. Akale amati pa mabodza onse a ba Jameson, limeneli ndiye lalikulu. Iwo amaseka kuposa onse, n'kunena kuti ndi mwayi wawo womwewo: tsiku limodzi lokha limene anamvera lamulo, kwaya inachotsedwabe.

Chimene sanena pamsika ndi cha m'minibasi pobwerera. Dzuwa linali litapendeka, ndipo magalimoto anali atathinana mumsewu wa Great East. Poyamba ana anali ndwii, Mwaiwathu akulira mwakachetechete pawindo. Kenaka Victor analuma timitengo ta machesi n'kuyamba kukupiza manja, maso atatuzula, ndipo basi yonse inaphulika ndi kuseka, ndi Mwaiwathu yemwe. Ba Jameson anali atakhala pambali pa akazi awo, amene ankangoyang'ana panja pawindo. Anaganiza zowaseketsa.

"Amake Moven, ine bananichosa ku maluba, ku ulonda, ku besi na ku tena. Koma kuchosesa kwaya yonse pamenso pa vyalo vonse, icho sininachitepo. Mwanipambana."

Ba Christine sanaseke. Anapitiriza kuyang'ana panja, kumene anyamata ankagulitsa malalanje pakati pa magalimoto.

"Lamulo nenze niiziba," anatero. "Ndine ninauza bazimai."

"Manje chinachitika nichani?"

"Zaka zonse izi, ija nyimbo ikayamba, nimamvela monga ni Moven aitana, elo nimaziba ati muzamuyankha. Olo nili panja, nikamvela chabe mau yanu yoipa yaja, mutima umankala pansi. Lelo aitana, kulibe. Aitana futi, kulibe." Anakonza chitenje pamaondo. "Nenze siningamusiye mwana panja."

Ba Jameson anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma sipanatuluke kanthu. Misomali inali m'thumba la jekete, osati m'kamwa. Kumbuyo ana anali atayambanso kuimba, ndipo wina anaitana kuti ba Masita alandire, poti tsopano lamulo latha. Sanalandire. Anagwira dzanja la akazi awo, lokhakhala ndi mchere wa kapenta, ndipo anakhala chete mpaka minibasi inakhota kulowa mu Mtendere.